Ulendo wa ku Minda ya Marozi ya ku Pretoria

Mwezi uno tifuna kuyenda nanu ku South Africa, ku dziko lokwera la Gauteng, kumene kuli mizinda iwiri ikuluikulu: Pretoria ndi Johannesburg, umene ife tidazolowera kuutcha Joni. Makolo athu adapita kumeneko kukakumba golide pansi pa nthaka. Lero ambiri mwa adzukulu awo akukumba pamwamba pake, pakuti ntchito imene anyamata ndi abambo a kwathu amaipeza msanga kumeneko ndiyo yosamala minda ya maluwa pa nyumba za anthu. Tsono tsiku lina mwini nyumba amatulutsa ndalama, nati: "Pitani mukagule marozi khumi, mubzale pakhomo pano." Apo munthu amaima mutu. Kodi apite ku nazale yaikulu yotchuka, kapena kwa munthu wa kanazale kakang'ono ka m'mbali mwa msewu? Akalakwa, ndalama zapita, chaka chatha pachabe, ndipo nthawi zina mwini nyumba saonanso mwa iye munthu wodziwa ntchito. Funso lomweli limafikanso kwa mayi wa ku Dedza kapena ku Zomba amene wasunga tindalama tochepa kuti akongoletse khomo lake. Chifukwa chake tidayendera nazale za mitundu yonse iwiri, kuti tikuuzeni zimene tidaona.

Poyamba tidziwe kuti rozi ndi mlendo kuno. Kum'mwera konse kwa Africa kulibe rozi wa m'tchire wobadwira konkuno. Kwawo kwa marozi ndi ku maiko a kumpoto, ku Asia, ku Ulaya ndi ku America wa kumpoto. Adatchi amene adakhazikika ku Cape m'chaka cha 1652 adabzala marozi m'munda wawo pamodzi ndi ndiwo zamasamba, ndipo kuchokera apo duwali lidafalikira pang'onopang'ono kulowa kumtunda. Mlendoyu adapeza kuti dziko lokwera limamukomera. Johannesburg ali pa msinkhu wa mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, Pretoria pafupifupi 1,300. Mvula imagwa m'miyezi yotentha monga kwathu, nthawi zina pamodzi ndi matalala; mwezi wa Juni ndi wa Julayi kumazizira zedi, ndipo m'zigwa chisanu chimawauka udzu. Alimi amadulira marozi awo m'mwezi wa Julayi, pamene mitengoyo yagona, ndipo maluwa oyamba, amene amaposa a chaka chonse, amamasula m'mwezi wa Okutobala. Akhristu adzakondwa kumva kuti umenewu ndi mwezi womwe wa Korona, imene dzina lake la Chilatini, rosarium, litanthauza munda wa marozi.

Ife tidafika m'mwezi womwewo. Misewu ya Pretoria idali yobiriwira mofiirira ndi maluwa a mitengo ya jakaranda, imene idayoyokera pansi ngati nsalu yoyala. Titatuluka mumzinda, tidalunjika kumpoto pa msewu waukulu wa N1, umene umapitirira mpaka ku Beitbridge, malire a Zimbabwe; ndiwo msewu womwe mabasi opita kwathu amadzera. Nyumba zitayamba kuchepa, dziko lidasanduka la mitengo yaminga ndi udzu, ndipo kudali kotentherako kuposa ku Joni. Kumeneko ndiko kuli munda wa Ludwig's Roses, umene bambo Ludwig Taschner, wobadwira ku Germany, adauyamba m'chaka cha 1971. Lero ndiyo nazale ya marozi yodziwika koposa m'dziko lonselo, ndipo ili ndi nthambi m'mizinda ina.

Munthu wolowa pamenepo fungo limamulonjera maso asanaone kanthu. Kenaka aona mizere italiitali ya marozi oimikidwa m'zotengera zawo, mtundu uliwonse pa malo ake: ofiira ngati magazi, oyera ngati thonje, achikasu, ofiirira ngati kutuluka kwa dzuwa, ena aafupi ofika m'mawondo, ena oyanga ofuna chogwirira, ena a thunthu limodzi lalitali lokhala ndi mutu wa maluwa pamwamba. Mitundu yake ndi mazana ambiri. Koma chimene chidatigwira mtima si kuchuluka kwakeko ayi. Ndi chakuti mtengo uliwonse udali ndi kachikwangwani ka dzina lake. Ena adzati: dzina la duwa lili ndi ntchito yanji? Mverani, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa.

Rozi wa m'munda sabala mwana wofanana naye. Mukafesa njere za rozi wofiira wonunkhira, mudzatuta zina: wina wotuwa, wina wopanda fungo, wina wofooka. Nchifukwa chake anthu obereketsa mitundu yatsopano amafesa njere zikwizikwi, nataya pafupifupi zonse, nasunga mtengo umodzi wokha umene wapambana. Ndipo kuchokera pa njere kufikira tsiku logulitsa pamapita zaka 8 kapena 10. Mtengo umodziwo ndiwo amaupatsa dzina, nauchulukitsa poudula tizidutswa. Kotero rozi woyera uja wotchedwa Iceberg, amene amaoneka pafupifupi pa msewu uliwonse wa ku Johannesburg, ndi mtengo umodzi wokha umene Reimer Kordes adautulutsa ku Germany m'chaka cha 1958; onse a pa dziko lapansi ndi nthambi zake. Chimodzimodzi rozi wachikasu wa m'mphepete mofiirira wotchedwa Peace: adamubereketsa ndi Francis Meilland ku France m'chaka cha 1935, ndipo dzina lakeli, lotanthauza mtendere, adalilengeza ku America pa 29 Epulo 1945, nkhondo yaikulu ili pafupi kutha ku Ulaya. Tsono dzina ndi lonjezo. Munthu akagula Iceberg weniweni, adziwiratu msinkhu umene mtengowo udzafika, maonekedwe a maluwa ake, ndi kupirira kwake pa matenda. Akagula "wofiira uja" wopanda dzina, wagula mwayi.

Kachulukitsidwe kake nkofunika kukadziwa, chifukwa ndi kamene kamasiyanitsa mitengo yogulitsidwa. Njira yoyamba ndi kumezanitsa. Mlimi amayamba walera mtengo wa rozi wolimba, wa maluwa osakongola koma wa mizu yamphamvu; wina wodziwika wa mtundu umenewu kuno ku Africa amatchedwa Natal Briar. Pa khungwa la tsinde lake amacheka ndi kampeni kakuthwa chizindikiro chonga chilembo T, nalowetsamo diso limodzi lotengedwa pa nthambi ya rozi wokongola, namanga. Diso likagwira, amadula mutu wa mtengo wolimba uja, ndipo mphukira ya diso ija ndiyo imasanduka mtengo wonse wa pamwamba. Motero mumtengo umodzi muli awiri: wapansi wokumba nthaka, ndi wapamwamba wopatsa maluwa, pamene adakumanapo pamatupa ngati mfundo. Njira yachiwiri ndi yodziwika kwa tonse: kudula kanthambi nkukazika m'dothi lonyowa kuti kamere mizu yake. Njira iyi ndi yosavuta ndi yosadya ndalama, ndipo mitundu ina, monga Iceberg ndi marozi akale a m'midzi, imakula bwino chotero. Koma mitundu yambiri ya maluwa aakulu, ikamera pa mizu yake, imachedwa kukula ndipo siichita mphamvu.

Ubwino wa nazale yaikulu yolera yokha mitengo yake ndi uwu tsono: mumasankha pa mitundu yambiri, dzina mungathe kulikhulupirira, mitengo ndi yomezanitsidwa ndi manja ozolowera, ndipo mitundu yatsopano imapezeka kumeneko. Pa mitundu yatsopano pali lamulo loteteza wobereketsa: kwa zaka pafupifupi 20 munthu saloledwa kuichulukitsa ndi cholinga chogulitsa popanda chilolezo, ndipo nazale zazikulu ndizo zimalipira gawo la mwini wake. Tidaona kumeneko rozi wachikasu cha golide wotchedwa South Africa, wochokeranso ku banja la Kordes, amene masamba ake adali obiriwira kuyambira pansi mpaka pamwamba. Obereketsa a masiku ano akulimbikira kutulutsa mitundu yosagwidwa msanga ndi matenda a madontho akuda, ndipo kwa munthu wopanda ndalama zogulira mankhwala opopera chimenechi ndi chuma.

Koma walira mvula walira matope. Za ku nazale zazikulu zili ndi mtengo wake, ndipo munthu wopanda galimoto amawonjezapo ndalama za ulendo ndi zonyamulira. Kuchuluka kwa mitundu nakonso kumanyenga maso. Munthu amabwera kudzagula marozi atatu, nabwerera ndi asanu ndi awiri a mitundu isanu ndi iwiri, amene adawasankha chifukwa cha duwa la tsiku limenelo, osafunsa ngati adzapirira pa khomo lake lopanda madzi okwanira. Ku nazale mitengo imamwa tsiku ndi tsiku, nidya pa nthawi yake. Kunyumba kwanu idzamwa madzi otunga pa ndowa.

Tsiku lotsatira tidayendera tinazale ting'onoting'ono, timene tili tambirimbiri kunja kwa mizinda iwiriyi, pa timinda ta anthu ndi m'mbali mwa misewu. Pa kena tidapeza bambo wachikulire wa kwathu, wochokera ku mapiri a Dedza, amene adagwira ntchito ya m'minda ya maluwa zaka zambiri asanayambe zakezake. Malo ake adali ochepa, osaposa bwalo la nyumba: mthunzi wa ukonde, thanki ya madzi, mulu wa manyowa, ndi timatumba takuda ta pulasitiki tondandalikidwa bwino. Marozi ake adali mitundu isanu ndi umodzi yokha. Titalonjerana, tidati: "Bambo, bwanji mitundu yanu ndi yochepa chotere?" Iwo adaseka nati: "Achimwene, ndidayesa yambiri. Imene idafa ndidaileka, imene idatsala ndi iyi. Ine sindigulitsa mtengo umene sunagone panja pano m'mwezi wa Juni." Atatero adatitengera kuseri kwa nyumba, natisonyeza mitengo ikuluikulu imene amadulako nthambi zawo. Adatifunsanso za khomo limene marozi akabzalidwe: kodi dzuwa limafika maora angati, dothi nlamchenga kapena lamakande, pafupi pali mtengo waukulu kodi? Tidaona munthu wina atabwera kudzafuna rozi wobzala pansi pa mtengo wa mthunzi, iwo namukaniza, namuuza kuti agule duwa lina.

Umenewu ndiwo ubwino wa nazale yaing'ono yoona: mitengo yake idayesedwa kale pa dothi ndi mphepo ya dera lomwelo, mtengo wake ngwotsika, mwini wake ali ndi nthawi yocheza nanu, ndipo mtengo ukadwala mudziwa khomo lokagogoda. Ndiponso anthu otere ndiwo amasunga marozi akale onunkhira amene sapezekanso m'mabuku a ogulitsa aakulu. Kuperewera kwake nkwakuti mitundu ndi yochepa, mayina ena adatayika, ndipo mitengo yambiri ndi yozika, yosamezanitsa.

Koma si onse a m'mbali mwa msewu ali ngati bambo aja. Pa malo ena tidaona timitengo tokhala ndi duwa limodzi lalikulu pa kanthambi kamodzi kowonda, m'dothi looneka kuti laikidwa dzulo. Wogulitsayo titamufunsa dzina la rozi ndi kumene adachokera, adangoti ndi wabwino kwambiri. Alipo ena amene amazika nthambi za maluwa odulidwa a m'masitolo. Maluwa amenewo, onga olimidwa ku Naivasha ku Kenya ndi pafupi ndi Lusaka ku Zambia kuti akagulitsidwe ku Ulaya, adabereketsedwa kuti azikula m'nyumba za pulasitiki mopatsidwa zonse. Ambiri akaikidwa panja amagwidwa matenda nafota. Akulu adanena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo tisaganize kuti vuto lotere lili kwa osauka okha. Masitolo ena aakulu ogulitsa zinthu zosiyanasiyana amaimikanso marozi pakhomo m'nyengo ya maluwa, mitengo imene sadailere, imene yakhala masiku ambiri pansi pa denga, ndipo wogulitsa wake dzulo adali kugulitsa utoto ndi misomali.

Apa ndipo tidazindikira kuti funso lija, yaikulu kapena yaing'ono, silifika pa mtima pa nkhani. Malire enieni ali pakati pa wolera ndi wongogulitsa. Wolera, akhale wa munda waukulu kapena wa kabwalo kochepa, amadziwa mtengo wake monga mayi adziwa mwana. Wongogulitsa amadziwa mtengo wa ndalama wokha. Chifukwa chake pogula funsani mafunso atatu: Kodi mtengo uwu mudalera ndinu? Dzina lake ndani? Ngwomezanitsa kapena ngwozika? Wolera adzayankha mokondwa. Winayo adzayang'ana kumbali. Safunsa adadya phula.

Mutafunsa, yang'anani mtengowo kuyambira pansi, duwa mulione pomaliza. Ukhale ndi nthambi zolimba ziwiri kapena zitatu zochokera pa mfundo ija, zonenepa ngati pensulo kapena kuposapo. Masamba akhale obiriwira mpaka m'munsi, opanda madontho akuda ozunguliridwa ndi chikasu, opanda nkhungu yoyera ngati ufa. Tembenuzani tsamba: mukaona kunsi kwake tinthu tonga fumbi tikuyenda, ndi tiulusi topyapyala, amenewo ndi akangaude ofiira, ndipo mukawatengera kwanu. Masamba okhala ndi mizere yachikasu yokhotakhota amasonyeza nthenda imene imayenda ndi diso lomezanitsa, ndipo ilibe mankhwala. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni mizu: iyenera kukhala yoyera ndi yogwira dothi lonse pamodzi. Dothi likangokhuthuka, mtengo sunamere. Mizu ikakhala yakuda, yozungulira ngati nkhata, mtengo wakhalitsa m'thumba. Pa mtengo womezanitsa, mphukira yotuluka pansi pa mfundo, ya masamba osiyana ndi enawo, ndi ya mtengo wapansi uja. Ikalekedwa imalanda chakudya chonse, ndipo patapita zaka ziwiri mudzadabwa kuti rozi wanu wasanduka wa m'tchire. Ithyoleni pamene yatulukira.

Ngakhale mtengo wabwino umafa pa dzanja losasamala, ndipo pamenepo tisanamizire nazale. Rozi afuna dzuwa maora osachepera 6 pa tsiku, kutali ndi mizu ya mitengo ikuluikulu. Dzenje likhale la theka la mita m'lifupi ndi kuya komwe, dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, mfundo ija ikhale pa msinkhu wa nthaka. Thirirani mokhuta, ndowa yodzaza kamodzi kapena kawiri pa sabata, koposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Phimbirani pansi ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, kuopa chiswe.

Tili ndi mawu apadera kwa abale amene ali pa ntchito ku South Africa ndipo mtima ukuwauza kuti atengere amayi kumudzi rozi wokongola pa basi. Mitengo yamoyo siidutsa malire a maiko ngati thumba la zovala. Pamafunika chilolezo cha boma la dziko limene ikupita, ndi kalata ya akatswiri a zaulimi yotsimikiza kuti ilibe matenda. Dothi ndiye limakanizidwa kwambiri, chifukwa limabisa tizilombo. Lamuloli lidaikidwa kuti liteteze minda ya tonse. Popanda makalata amenewo mtengo ungathe kulandidwa pa chipata, ndipo ngakhale utadutsa, masiku awiri a m'basi yotentha adzakhala ataufooketsa. Nzeru ndi kutenga chidziwitso m'mutu, ndalama m'thumba, nkukagula kwathu.

Pakuti kwathunso marozi amakondwa. Tauni ya Dedza ili pa msinkhu wa mamita pafupifupi 1,600, pakati pa wa Pretoria ndi wa Johannesburg. Zomba, Thyolo, Mulanje ndi Mzuzu nakonso kuli mphepo yozizirira imene duwali limafuna. M'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre muli anthu ambiri ogulitsa mbande za maluwa m'machubu, ndipo pakati pawo alipo olera enieni ndi ongogulitsa, monga tidaonera ku Gauteng. Mafunso atatu aja agwira ntchito chimodzimodzi. Okhala ku malo otentha a kunyanja ndi ku chigwa cha Shire achenjere koposa: asagule chifukwa cha zimene adaona kumapiri, koma ayambe ayang'ana pa makomo a anansi awo, aone rozi amene wapirira pamenepo zaka zingapo, napemphe kanthambi kake m'nyengo yozizira.

Tsono uphungu wathu ndi uwu. Amene watumidwa ndi mwini nyumba kukagula marozi a mtundu wodziwika, ofanana msinkhu ndi maonekedwe, apite ku nazale yaikulu yolera yokha, asunge tizikwangwani ta mayina pamodzi ndi lisiti, ndipo asankhe mitundu iwiri kapena itatu yopirira m'malo mwa khumi yosiyana. Amene akugulira khomo lake ndi ndalama zochepa ayambe kwa wolera wamng'ono wa m'dera lake, agule mitengo iwiri kapena itatu, aione chaka chathunthu, mvula ndi chilimwe chomwe. Ikachita bwino, abwerere kwa munthu yemweyo. Ndipo mtima ukafuna duwa lapadera, apo ndipo asungire ndalama za mtengo umodzi womezanitsa wa dzina lake. Ana a m'nyumba apatsidwe ntchito yothirira, aphunzire kuti chokongola chimadza ndi minga ndi thukuta.

Mwezi wamawa, pamene mvula yayamba, ndi nthawi yoyang'anira madontho akuda pa masamba: otsika pansi muwatole nkuwatentha, ndipo pothirira musanyowetse masamba madzulo.